Fayilo ya Mvula Yomwe Sinkanena Muyezo Wake

Fayiloyo inandipeza pa fulashi, m'foda yomwe mwini wake anangoitcha kuti "zakale". Inali ya Excel, ndipo munali mizere iwiri yokha yotsika: woyamba wa madeti, wachiwiri wokhala ndi zilembo ziwiri pamwamba pake, RF, ndipo pansi pa zilembozo panali manambala a tsiku ndi tsiku a zaka zoposa 40. Anandiuza kuti imeneyi inali mvula yomwe inkayezedwa pa esiteti ina ya fodya m'chigawo chapakati, ndipo ntchito yanga inali yofufuza ngati nyengo yobzala chimanga m'deralo yasuntha poyerekeza ndi kale. Munthu amene anakopera manambalawo m'mabuku n'kuwalowetsa m'kompyuta anali atasiya ntchito kalekale, ndipo ambiri mwa mabukuwo anali atadyedwa ndi chiswe m'chipinda chosungiramo katundu.

Nditawonkhetsa mvula ya chaka chilichonse, vuto loyamba linadziulula lokha. Zaka zoyambirira zinkapereka manambala ngati 30 kapena 35 pa chaka chathunthu, kenako mwadzidzidzi zaka zotsatira zinkapereka 800 kapena 900. Palibe mlimi amene angakolole chimanga ndi mvula ya mamilimita 35 pa chaka, choncho zinali zoonekeratu kuti m'zaka zoyambazo mvula inkayezedwa m'mainchesi, monga zinkakhalira kuyambira m'nthawi ya atsamunda. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, kutanthauza kuti mainchesi 35 ndi mamilimita 889, ndipo nditachulukitsa motero zaka zonse zinafanana bwino. Vuto lotere ndinathana nalo tsiku lomwelo. Zomwe zinandidyera masabata ndi zina, zomwe sizinkaoneka pongoyang'ana.

M'chaka china, mwezi wonse wa Febuluwale unali ndi 0 tsiku lililonse. Kodi kunali ng'amba yoopsa pakati pa dzinja, kapena panalibe munthu woti ayeze? M'zaka zina munkapezeka -99, m'zaka zina 999, ndipo aliyense wowonkhetsa mosayang'ana akanaziwerengera ngati mvula yeniyeni. Kuwonjezera apo, m'zaka za kumapeto tsiku Lolemba linkaoneka la mvula yambiri kuposa masiku ena onse a sabata, pomwe Lamulungu linkakhala louma pafupifupi nthawi zonse, ngati kuti mitambo imadziwa kalendala. Pa ntchito yanga zimenezi sizinali zazing'ono. Lamulo lomwe tinkagwiritsa ntchito linkati nyengo yobzala yayamba ngati mvula yakwana mamilimita 25 m'masiku atatu popanda ng'amba yaitali pambuyo pake, ndiye kusuntha kwa tsiku limodzi, kapena 0 mmodzi wabodza, kukanatha kusintha yankho la chaka chonse.

Nditafunsafunsa, anandilozera kwa bambo wina wachikulire amene anali kalaliki pa esitetiyo ndipo ankayeza mvula kwa zaka zambiri asanapume pa ntchito. Ndinawapeza pakhonde, ali pampando wa ndalema, ndipo titapatsana moni ndinawapatsa mapepala omwe ndinasindikiza. Anavala magalasi awo n'kuyamba kutsetsereka ndi chala pa manambalawo pang'onopang'ono, mpaka anafika pa Febuluwale uja.

"Bambo, pano pakuoneka kuti mvula sinagwe mwezi wonse. Kodi chaka chimenecho inadula?" ndinawafunsa.

"Ayi, mwana wanga, ine 0 sindinkalemba," iwo anatero. "Tsiku louma ndinkalemba NIL. Kukangowaza pang'ono, moti m'botolo simunalowe madzi oti n'kuyeza, ndinkalemba TR. Ndikasiya mpata, ndiye kuti sindinayeze. Mwezi umenewu galasi loyezera linasweka, ndipo lina linachedwa kubwera kuchokera ku Blantyre. Mvula inagwa yambiri ndithu, moti mlatho wa kumunsi kuja unakokoloka."

Apa ndinazindikira kuti zinthu zitatu zosiyana, tsiku louma, tsiku lowaza ndi tsiku losayezedwa, zonse zinasanduka 0 m'manja mwa wokopera. Anandiuzanso kuti ankayeza nthawi ya 8 koloko m'mawa, koma nambalayo ankailemba pa deti la dzulo lake, chifukwa madzi omwe ankawapeza m'botolo anali a mvula ya dzulo ndi usiku wathawo. Mnyamata amene analowa m'malo mwawo ankalemba pa deti la tsiku lomwe wayezalo, ndipo Lamulungu sankabwera ku ofesi, choncho nambala ya Lolemba inkakhala ya masiku awiri. M'maola awiri okha, bambowa anandipatsa zonse zomwe fayilo ija inkasowa: muyezo wake, ola loyezera, tanthauzo la mpata, ndi chaka chomwe dzanja lolemba linasintha. Mawu otere, ofotokoza za manambala kuti ndi a chiyani ndiponso anapezeka bwanji, akatswiri amawatcha metadata. Kwa zaka zonsezi metadata ya fayiloyo inkakhala m'mutu mwa munthu mmodzi wa zaka zoposa 70, ndipo ndikanachedwa zaka zochepa sindikanaipeza.

Chomwe chimandidabwitsa n'chakuti kumsika palibe amene amalakwitsa chotere. Munthu akakuuzani pa Lizulu kuti wagula mbatata "zitatu", mumamufunsa nthawi yomweyo kuti zitatu za chiyani, ndowa kapena milu, ndipo ngati ndi ndowa mumafunanso kudziwa ngati inali yaikulu kapena yaing'ono, yosefukira kapena yongolekeza m'milomo. Mlimi akanena kuti wakolola ngolo ziwiri, mumafunsa ngati chimangacho chili ndi makoko, chosenda kapena chotonola, komanso ngati munda wakewo akuuwerenga m'maekala kapena m'mahekitala, popeza hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.47. Ndi chifukwa chake ochita kafukufuku wa m'mabanja, monga a National Statistical Office ku Zomba, amakhala ndi ndandanda yosinthira ndowa, milu ndi ngolo kuti zikhale makilogalamu. Koma nambala yomweyo ikangolowa m'kompyuta n'kukhala mumzere wowongoka bwino, timaikhulupirira popanda kuifunsa funso lomwe mayi aliyense wogula ufa amafunsa.

Tisaganize kuti vutoli ndi la ife osauka okha. Pa 11 Disembala 1998, bungwe la NASA la ku America linatumiza m'mlengalenga chombo chotchedwa Mars Climate Orbiter, kuti chikazungulire pulaneti ya Mars n'kumayeza nyengo ya kumeneko. Paulendo wa miyezi yoposa 9, chombocho chinkayatsa timainjini take tating'ono nthawi ndi nthawi, ndipo kuyatsa kulikonse kunkachikankhira pambali pang'ono. Pulogalamu ya pansi pano, yolembedwa ndi kampani ya Lockheed Martin yomwe inapanga chombocho, inkawerengera kukula kwa kukankhako n'kulemba manambala mufayilo, ndipo akatswiri owongolera ulendo a ku Jet Propulsion Laboratory ku California ankatenga manambalawo powerengera pomwe chombocho chafika. Chikalata chomwe mbali ziwirizi zinagwirizana chinkanena momveka kuti manambalawo azikhala m'muyezo wotchedwa newton-second, koma pulogalamu ija inkawalemba m'muyezo wa pound-force second, womwe umodzi wake ndi wofanana ndi ma newton-second 4.45. Mbali yolandira inkangowerenga manambalawo ngati kuti ali m'muyezo womwe anagwirizana. Pa 23 Sepitembala 1999 chombocho chinalowa kuseri kwa Mars ndipo sichinamvekenso. Chinayenera kudutsa pamtunda wa makilomita 226 kuchokera pa nthaka ya pulanetiyo, koma ofufuza anapeza kuti chinatsika mpaka makilomita pafupifupi 57, pomwe malire oti chipulumuke anali makilomita 80.

Anthu ambiri akamafotokoza nkhaniyi amangoti akatswiri anasokoneza miyezo ya mitundu iwiri. Ine chomwe chimandikhudza n'chakuti muyezo wolondola unalembedwa ndithu, koma unalembedwa m'chikalata china, pomwe manambala ankayenda paokha kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Muyezo womwe uli mu imelo, mu lipoti losungidwa m'kabati kapena m'mutu mwa kalaliki ndi fodya wa pachala. Fayilo imakoperedwa, imatumizidwa pa WhatsApp, imasinthidwa dzina, ndipo pa ulendo wonsewo chimene chimafika nayo limodzi ndi chokhacho chomwe chili m'kati mwake.

Akatswiri a zakuthambo anaiona mfundo imeneyi kale. Mu 1981 anafalitsa mtundu wa fayilo wotchedwa FITS, womwe akuugwiritsabe ntchito mpaka lero posunga zithunzi za nyenyezi. Fayilo iliyonse ya FITS imayamba ndi mizere ya mawu wamba oti munthu angathe kuwerenga ndi maso, mzere uliwonse wa zilembo 80 chifukwa ndi mmene makadi obowola a makompyuta akale ankakhalira. Mzere wotchedwa BUNIT umanena muyezo wa manambala a chithunzi, ndipo ngati fayiloyo ili ndi tebulo, mzere wotsika uliwonse ungathe kukhala ndi TUNIT wakewake. Fayilo yolembedwa zaka 40 zapitazo imatsegukabe lero n'kudzifotokoza yokha, ndipo kukhalitsa kumeneku ndi kumene kunachititsa laibulale ya ku Vatican kusankha FITS posunga zithunzi za mabuku ake akale olembedwa pamanja.

Ife a zanyengo mtundu womwe timakumana nawo kwambiri ndi NetCDF, womwe unapangidwa ndi gulu la Unidata ku Boulder, m'chigawo cha Colorado, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. M'fayilo ya NetCDF gawo lililonse la manambala limakhala ndi timawu take tomatiridwa pa ilo, ndipo kuyambira mu 2003 pali malamulo otchedwa CF omwe amanena mmene timawuto tizilembedwera kuti munthu ndi pulogalamu omwe azimva chimodzimodzi. Mukatsegula fayilo ya mvula yochokera ku makompyuta oyerekezera nyengo ya m'tsogolo, mumapeza gawo lotchedwa pr, ndipo pambali pake pamalembedwa kuti standard_name ndi precipitation_flux, komanso kuti units ndi kg m-2 s-1. Kumeneku n'kunena kuti makilogalamu a madzi ogwera pa sikweya mita imodzi m'sekondi imodzi. Poyamba muyezo umenewu umaoneka wachilendo, koma kilogalamu imodzi ya madzi ndi lita imodzi, ndipo lita imodzi yothiridwa pa sikweya mita imodzi imakwera milimita imodzi. Popeza tsiku lili ndi masekondi 86,400, nambala yooneka yopanda pake ngati 0.000116 ndi mvula ya mamilimita 10 pa tsiku. Mafayilo a zanyengo otchedwa ERA5, ochokera ku bungwe la zanyengo la ku Ulaya la ECMWF, amalemba mvula m'mamita, moti mamilimita 10 omwewo amaoneka ngati 0.01, pomwe a CHIRPS, omwe amakonzedwa ku University of California ku Santa Barbara ndipo amayambira mu 1981, amalemba m'mamilimita. Kutentha nako kumalembedwa m'makelvin, kotero kuti 298.15 ndi madigiri 25 omwe timamva pa wailesi. Mvula imodzimodziyo, yogwa pamunda umodzimodziwo, ingathe kulembedwa m'njira zitatu zosiyana, ndipo chomwe chimazilumikiza ndi kamzere kamodzi ka mawu.

Ubwino wa malamulo a CF ndi wakuti sanaime pa muyezo wokha. Mafunso onse omwe ndinapita nawo pakhonde la bambo aja ali ndi malo ake. Pali _FillValue, pomwe mumanena nambala yomwe ikuimira tsiku losayezedwa, kuti mpata usasanduke 0. Pali cell_methods, pomwe mumanena ngati nambalayo ndi chiwonkhetso cha tsiku lonse, avereji yake kapena nsonga yake, chifukwa mamilimita 8 angathe kukhala avereji ya tsiku limodzi m'mwezi wa mvula yabwino kapena chiwonkhetso cha mwezi wa chilala. Nthawi nayo ili ndi muyezo wake, wolembedwa mwachitsanzo kuti days since 1850-01-01 (masiku kuchokera pa 1 Januwale 1850), ndiponso kalendala yake, popeza makompyuta ena oyerekezera nyengo, monga a Met Office ya ku Britain, amagwiritsa ntchito chaka cha masiku 360 chomwe mwezi uliwonse uli ndi masiku 30, kuphatikizapo Febuluwale. Amene sanawerenge mzere umenewu amapeza kuti chiyambi cha dzinja chikubwerera m'mbuyo ndi masiku 5 chaka chilichonse, n'kuyamba kulemba lipoti la kusintha kwa nyengo komwe kulibe.

Komabe mtundu wabwino wa fayilo sutha kuganiza m'malo mwa munthu, ndipo izi ndinaziphunzira pa cholakwa changa. Tsiku lina ndinatenga fayilo ya pr, n'kuchulukitsa manambala onse ndi 86,400 kuti akhale mamilimita pa tsiku, kenako ndinasunga fayilo yatsopano n'kuipereka kwa wophunzira wina amene ankagwira nafe ntchito. Pulogalamu yomwe ndinagwiritsa ntchito inasintha manambala, koma mawu a muyezo inawasiya monga analili. Wophunzirayo anachita zomwe ine mwini ndinamuphunzitsa: anawerenga muyezo wolembedwa m'fayilo, n'kuchulukitsanso ndi 86,400. Tsiku la mamilimita 10 linasanduka la mamilimita 864,000, omwe ndi mamita 864, kuposa malo akuya kwambiri a Nyanja ya Malawi omwe ndi mamita pafupifupi 700. Anakhala masiku atatu akufufuza cholakwa m'ntchito yake, akuopa kundifunsa, pomwe cholakwacho chinali changa. Kuchokera tsiku limenelo ndimaona kuti muyezo wolembedwa molakwika ndi woopsa kuposa wosalembedwa, chifukwa nambala yopanda muyezo imamuchititsa munthu kufunsa, pomwe yokhala ndi muyezo wabodza imamutsekera pakamwa. Masiku ano pali zida monga pint ndi astropy.units, zomwe zimamanga nambala ndi muyezo wake pamodzi m'kati mwa masamu enieniwo, moti mukafuna kuwonkhetsa mamita ndi masekondi pulogalamu imakana. Pomwe zidazi palibe, lamulo langa ndi lakuti mzere womwe ukusintha manambala uzitsatidwa nthawi yomweyo ndi mzere wosintha muyezo, ndisanadzuke pampando.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa anzanga a zaulimi, a zaumoyo ndi a zamadzi sadzagwira fayilo ya NetCDF, ndipo ntchito yawo yonse imathera mu Excel kapena m'mafayilo a CSV (matebulo olembedwa m'mawu wamba), omwe alibe malo apadera olembapo muyezo. Ngakhale zili choncho, dzina la mzere wotsika lingathe kunyamula zambiri. RF sinena kanthu, koma mvula_mm_maola24 imanena chinthu choyezedwa, muyezo wake ndi kutalika kwa nthawi. Wa zaumoyo akalemba shuga wa m'magazi ayenera kunena ngati ndi mg/dL kapena mmol/L, popeza miyezo iwiriyi imasiyana ka 18. Mu Excel, tsamba lachiwiri la fayilo yomweyo, osati fayilo ina yapadera, lingathe kufotokoza mzere uliwonse, chida choyezera, ola loyezera ndi chizindikiro cha tsiku losayezedwa. Madeti ndimawalemba kuyambira chaka, mwezi, kenako tsiku, chifukwa 12/03/2023, limodzi mwa masiku omwe namondwe wa Freddy anasakaza Blantyre ndi maboma ena a kummwera, kompyuta yotcheredwa Chimereka imaliwerenga ngati 3 Disembala, ndipo mvula yoopsayo imasamukira ku dzinja lina popanda wina kuzindikira, pomwe 2023-03-12 singasokonezeke. Polemba malo a siteshoni yoyezera nyengo ndimanenanso njira yomwe manambala olozera malowo anawerengedwera, ngati ndi a WGS 84, omwe GPS imapereka, kapena a Arc 1950 a mapu akale a dziko lino, chifukwa kusiyana kwake ndi mamita mazana angapo, okwanira kuika chitsime kutsidya lina la mtsinje.

Wokopera manambala uja sindimuimba mlandu. Ndikukhulupirira kuti anapatsidwa mulu wa mabuku ndi tsiku loti amalize, ndipo palibe amene anamuuza kuti NIL, TR ndi mpata ndi zinthu zosiyana, kapena kumupatsa mzere wachitatu woti alembemo kusiyanako. M'maofesi athu munthu amayamikiridwa chifukwa cha lipoti lokhala ndi zithunzi zokongola, osati chifukwa cha tsamba lofotokoza mizere ya fayilo, ndipo bajeti ya polojekiti sikhala ndi ndalama ya ntchito imeneyi. Ine ndimaona kuti apa timalakwitsa kwambiri, chifukwa lipoti limawerengedwa chaka chimodzi n'kuiwalika, koma mvula ya Febuluwale wa chaka chomwe chinapita palibe amene angaiyezenso. Woyang'anira ntchito amene amalandira fayilo kwa wantchito wake popanda kufunsa tsamba limeneli akuvomereza kuti ntchito ya zaka zambiri idzafe tsiku lomwe wantchitoyo adzachoke.

Fayilo ya esiteti ija ndinaikonza popanda kukhudza yoyambayo, yomwe ndinaisunga monga inalili. M'fayilo yatsopano zaka za mainchesi zili m'mamilimita, madeti a zaka za kumapeto ndinawabweza ndi tsiku limodzi kuti agwirizane ndi a poyamba, manambala a Lolemba ali ndi chizindikiro chonena kuti ndi a masiku awiri, ndipo Febuluwale uja tsopano ndi wosayezedwa, osati wouma. Pa tsamba lachiwiri ndinalemba chilichonse chomwe ndinasintha, chifukwa chake, tsiku lomwe ndinasintha, ndiponso kuti umboni wake ndi mawu a kalaliki amene ankayeza yekha. Nditamaliza ndinasindikiza tsambalo n'kubwerera nalo kwa bambo aja kuti aone ngati ndinawamva bwino. Analiwerenga lonse mpaka pansi, kenako anavula magalasi n'kukhala chete kwa kanthawi.

"Zonse mwalemba bwino, mwana wanga, koma pali chimodzi chomwe ndinaiwala kukuuzani," iwo anatero. "Poyamba choyezeracho chinali pafupi ndi ofesi, ndiye mtengo wa mango unakula n'kuyamba kutchinga mvula yochokera kum'mawa. Bwana atsopano atabwera anati tichisamutsire pabwalo, kuseri kwa zigafa. Chinali chaka chomwe mwana wanga wachiwiri anabadwa."

Anaitana mayi a kunyumba kuti awakumbutse chakacho, ndipo atagwirizana ndinatulutsa cholembera n'kuwonjezera mzerewo pamanja, pansi pa tsambalo, kuti ndikaulowetse m'fayilo ndikafika ku ofesi.